Kuseri kwa Mwala, Kumene Mwera Sufika

Amalume anandidzutsa kusanache. Unali mwezi wa Juni, mwera uli pachimake, ndipo usiku wonse nyanja inkamveka m'nyumba ngati chigayo chimene mwini wake waiwala kuzimitsa. "Dzuka mphwanga, tikaone bwato," anatero ali pakhomo. Ine mumtima ndinati bwato limenelo tikalipeza lili zidutswazidutswa, chifukwa dzulo lake sindinawaone akulikokera kumtunda monga anachitira anzawo.

Pa dooko lalikulu la ku Senga Bay panalibe amene analowa m'madzi usiku umenewo. Maboti onse anali pamchenga. Alovi anali atakhala m'timagulu, ena akusoka ukonde wa chilimira, ena akuwotha moto, ndipo pa matandala panalibe usipa ndi pang'ono pomwe. Mafunde ankabwera ofiirira ndi mchenga, kudziponya pagombe, n'kubwerera akukokolola pansi pa mapazi athu. Tinayenda mpaka pamene mchenga umathera, tinakwera miyala ya m'munsi mwa phiri tikugwirira ndi manja, kenaka tinatsetserekera mbali inayo.

Phokoso lija linatsala kumbuyo. Patsogolo pathu panali kagombe kakang'ono kokhota ngati lichero, miyala ikuluikulu uku ndi uku, pakati mchenga woti munthu n'kuutsiriza ndi mapazi makumi anayi. Madzi ali phee. Bwato la amalume linali pomwepo, atalimangirira ku muzu wa mtengo, likungogwedezeka pang'onopang'ono ngati mwana wogona kumsana. Ukaponya maso kunja kwa miyala, nyanja yonse ili mbee ndi thovu, koma mkatimo timbuna, tinsomba ta m'miyala, tinkaoneka bwinobwino tikuyendayenda pansi.

"Pisa dzanja apa," anatero amalume, akuloza kunsi kwa thanthwe limene linatchinga mbali yakumwera. Ndinagwada n'kupisa. Mkono wonse unalowa. Mkati munali mosalala ngati mtondo wakale, ndipo zala zanga zinakhudza nsangalabwi zitatu zimene zinali zitagona m'menemo. Anatolapo imodzi n'kundiika m'dzanja. "Iyi ndiye sompho yake nyanjayi. Ife timasema bwato mwezi umodzi. Iyo siyithamanga."

Tsiku limenelo lakhala likundibwerera chifukwa cha anzanga a ku Lilongwe. Ndikawatengera kwathu, tikangodutsa pa Kamuzu Road n'kuyamba makilomita pafupifupi 20 otsala aja, funso lawo limakhala limodzi: kodi tikapeza malo abata, opanda anthu ambiri? Ndikawafikitsa pa kagombe ngati kameneka amangoti kukamwa yasa. Amajambula, amagona chagada m'madzi, wina amati pano Mulungu anachita kukhalira pansi popanga. Sinditsutsa. Koma chimene ndimafuna atadziwa n'chakuti bata limene akulikondalo linasemedwa ndi ukali womwe uja umene unagoneka asodzi ndi njala usiku wa mwera, ndiponso kuti wosemayo sanamalize. Akadali pantchito.

Ku sekondale aphunzitsi a jogalafe anatijambulira pabolodi gombe lina la ku England lotchedwa Lulworth Cove, m'dera la Dorset. Kumeneko miyala inagona m'mizere motsatira nyanja. Mzere wakunja ndi wa mwala wolimba, kumbuyo kwake kuli dongo ndi mchenga wofewa, ndipo kuseri kwenikweni kuli phiri la choko. Mtsinje utaboola kampata pa mzere wolimba uja, nyanja inalowera pomwepo n'kuyamba kukomba dongo la mkati monga mmene mwana amakombera m'poto, mpaka inakafika pa choko pamene liwiro linachepa. Chinatsala ndi gombe lozungulira bwino, la khomo lopapatiza, limene anthu amachokera kutali kukaliona. Tinakopera chithunzicho m'makope, tinachiloweza, mayeso tinakhoza. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti palibe anatitengako ulendo wa ola limodzi kukatipisitsa dzanja pansi pa thanthwe la kwathu konkuno.

Kwathu miyala sinagone m'mizere ngati ya ku Dorset, koma mfundo yake ndi yomweyo: cholimba chimatsala, chofewa chimapita. Dziko la Salima ndi chidikha cha dothi ndi mchenga zimene mitsinje inatuta kumtunda kwa zaka zosawerengeka. Pachidikhapo pamatulukira mapiri a mwala wolimba apo ndi apo, monga a Senga ndi la ku Lifuwu. Ena madzi anawazungulira n'kukhala zilumba, monga Namalenje amene amaonekera pa Senga Bay pomwepo, ndi zilumba zitatu za Maleri, Nankoma ndi Nakantenga. Mafunde akamenya gombe lotere, pamene pali mwala pamakana, pamene pali dothi pamabwerera m'mbuyo. Pakapita nthawi mwala uja umatsala utasongoka kulowa m'nyanja, ndipo pakati pa nsonga ziwiri pamakhala pokhota. Pokhotapo pakakula ndiye magombe aatali aja a ku Senga Bay ndi ku Leopard Bay. Pakachepa ndiye timagombe tobisika ngati ka amalume.

Ngakhale mwala wolimbawo suthawa. Dzuwa ndi mvula zimayamba kuufooketsa m'ming'alu. Funde likamenya limakankhira madzi m'mng'alumo mwamphamvu, mpweya umene unali mkati umapanikizika, ndipo likabwerera umatuluka mwadzidzidzi. Mukaima pafupi mumamva mwala ukuchita ngati ukupuma, fuu, fuu. Zikachitika kambirimbiri kachidutswa kamagamphuka. Kachidutswa kameneko ndiko kamasanduka chida, funde limakanyamula n'kumenyera mwala umene kanachokera, ndipo nako kamaperesedwa mpaka kukhala nsangalabwi, kenaka mchenga. Tizingoti mwala umadyedwa ndi ana ake omwe.

Nanga n'chifukwa chiyani mkati mumakhala bata pamene kunja kukuwira? Amene anayendetsapo ngolo akudziwa. Tayala limodzi likalowa mumchenga, linalo lili pouma, ngolo imakhotera kumene kwatitimirako. Funde nalo likafika posaya limachepetsa liwiro. Pafupi ndi nsonga ya mwala ndi pamene pamayamba kusaya, ndiye mbali ya funde imene ili pamenepo imatsalira, inayo n'kumapitirira, ndipo funde lonse limakhotera ku nsongayo. Mphamvu zambiri zimathera pamwala. Chimene chimalowa mkati ndi funde lotambasuka, lotopa, lopanda mphamvu yonyamula katundu amene labwera naye. Limangotula mchenga n'kubwerera. N'chifukwa chake pansonga pamakhala miyala yokhayokha, pamene pokhota pali mchenga wofewa woti mwana n'kugwapo osalira.

Musaderere mafunde a nyanja ino poti madzi ake ndi opanda mchere. Kutalika kwake kumaposa makilomita 550, ndipo kumpoto kuli malo akuya pafupifupi mamita 700. Mphepo ikapeza mtunda wotere popanda chotchinga imakweza mafunde oopsa. Sitima ya Vipya inamira mu 1946 cha kumpotoko pa nthawi ya mphepo yamkuntho, anthu 145 n'kutaya miyoyo. Asodzi amazidziwa mphepo zimenezi ndi mayina ngati abale awo: mwera wochokera kumwera m'miyezi yozizira, mpoto wa nthawi ya mvula, vuma wochokera kum'mawa, zambwe wochokera kumtunda. Iliyonse ili ndi gombe limene imalimenya ndi limene imalilambalala. Kagombe kamene kanasunga bwato la amalume pa mwera, mpoto ukabwera sikathandiza, amalisamutsira kwina.

Za mchenga ndiye zimandisangalatsa kwambiri, chifukwa mungathe kuziyesa nokha. Tsiku la mwera tengani chitsononkho cha chimanga, muchiponye pamene funde limathera, ndiye muzichitsatira ndi maso. Funde limachikankhira kumtunda mopendekera, molingana ndi kumene mphepo ikuchokera, koma pobwerera madzi amatsika molunjika. Funde lina likabwera, chimodzimodzi. Pakatha mphindi khumi chitsononkho chija mudzachipeza chili patali ndi pamene munachiponya, chikulowera kumpoto, chikuyenda mokhotakhota ngati mano a sowo. Njere iliyonse ya mchenga ikuyenda ulendo womwewo. Mchenga umene mwakhalapo lero mukudya chambo chowotcha ndi wapaulendo, wangopuma pamenepo chifukwa mwala wautchingira njira.

Wambiri sunachokere n'komwe ku miyala ya pagombepo. Unabwera ndi mitsinje. Linthipe, amene amalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe asanathire m'nyanja kumwera kwa Senga Bay, m'dzinja amafiiritsa nyanja mpaka cha ku Maleri. Anzanga a mumzinda ndimawauza kuti dothi la m'minda ya kwanu linafika kuno inu musanafike. Tili ana tinkatenga maginito a m'sipika ya wailesi yakufa n'kumawakhukhuza pa timizere takuda timene mafunde amasiya pamchenga. Tinthu takuda tinkakakamira ngati ndevu. Sitinkadziwa kuti mafunde amapeta ngati mayi ali ndi lichero, zopepuka kutsogolo, zolemera kutsala, ndipo zakudazo ndi miyala ya chitsulo yoperesedwa.

Pamene mchenga woyendawu wapeza potsamira, umamanga. Ku Nkhotakota unamanga kamtunda kakatali ka Sungu kamene kamatchinjiriza dooko la pa boma. Kumwera kwake kuli Chia, nyanja yaing'ono imene mchenga unailekanitsa ndi mayi wake, kungotsala kakhwalala kamene mumawoloka pa mlatho mukamayenda pa msewu wa M5, pamene amayi amakuthamangirani ndi nsomba m'manja. Choncho dzanja limene likugumula pano ndi lomwelo likuwunjika apo.

Bata la pa dooko la Nkhotakota lili ndi mbiri yowawa imene sitiyenera kuidumpha. Jumbe Salim bin Abdullah anakhazikika pamenepo cha m'ma 1840 chifukwa zombo zake zinkatha kukocheza bwino, ndipo m'zombomo ankawolotsa akapolo kupita tsidya la kum'mawa, ulendo wa ku Kilwa. David Livingstone anafika kumeneko mu 1861 n'kudzionera yekha. Ndikaima pagombe limenelo madzulo, madzi ali phee, ndimakumbuka kuti anthu ena anaona bata lomwelo ali m'magoli.

Nyanja yathu ilibe kudzaza ndi kuphwa kwa tsiku ndi tsiku kumene amakuona a ku Beira. Iyo imapuma kamodzi pachaka. Imakwera ndi mvula mpaka cha mu Epulo kapena Meyi, n'kumatsika mpaka Novembala kapena Disembala, ndipo kusiyana kwake kumakhala cha pa mita imodzi. Pagombe lathyathyathya ngati la kwathu, mita imodzi yokwera ndi mapazi ambirimbiri olowa kumtunda. Koma palinso kupuma kwina kwa zaka, kumene munthu mmodzi amakuona kamodzi kapena kawiri pa moyo wake. Kuyambira mu 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti mtsinje wa Shire, khomo lake lokhalo lotulukira, unaleka kutulutsa madzi. Mu 1980 inakwera kufika cha pa mamita 477 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere. Amene anabadwa pambuyo pake anakula akuona mchenga wotambalala n'kumayesa kuti ndi mmene dziko linalengedwera.

Ndiye kunabwera 2024. Amene munafika kunyanja chaka chimenecho munaona nokha: mipando ya m'maloji ili m'madzi, makhonde a makoteji akumenyedwa ndi mafunde, mitengo ya mthunzi itagwa mizu ili m'mwamba, ku Salima, ku Nkhotakota, ku Mangochi. Panabuka mkangano woti zitseko za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, zimene zinamangidwa mu 1965, zitsegulidwe kwambiri kuti madzi aphwe. Ndinawamvera chisoni eni malo ogona alendo, pakuti kumbuyo kwa loji iliyonse kuli ophika, ochapa, alonda, ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu ndi anyamata a kabaza. Koma madzi ukawatsegulira ku Liwonde amakafika kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje amene amavutika kale ndi kusefukira, ndipo Shire yemweyo ndi amene amayendetsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. A bungwe la National Water Resources Authority anakumbutsa anthu za mlingo uja wa mamita 477, kuti m'munsi mwake si malo omangapo. Kwa ine mawu amenewo sanali achilendo. Agogo aakazi ankanena zomwezo m'njira yawo, kuti pamene pamera bango ndi pogona pa nyanja, ngakhale itachokapo zaka makumi awiri.

Chimene chimakokera alendo ku timagombe timeneti ndimachimvetsa, chifukwa nanenso chimandikoka. Munthu wochokera mumzinda watopa ndi maso a anthu ndiponso phokoso. Akalowa pakati pa miyala iwiri amamva ngati walowa m'chipinda chimene denga lake ndi thambo. Madzi ndi osaya, ofunda, mwana akhoza kusewera mayi ake ali chikhalire. Poti mafunde sakuvundula, pansi pamaoneka, ndipo m'miyalamo ndimo mumakhala mbuna za mitundu yowala zija, zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, zimene azungu amazisunga m'magalasi kwawo. Nsomba zimenezi n'zimene zinachititsa kuti mu 1980 kukhazikitsidwe Lake Malawi National Park, imene zilumba za Maleri zili mbali yake, ndipo mu 1984 a UNESCO anaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Nkhwazi ikalira pamwamba pa mtengo, ng'azi ili chowothera dzuwa pamwala, mlendo amaiwala foni.

Pali chimodzi chimene sindibisa kwa aliyense amene ndamuitana. Madzi odekha, osaya, makamaka pamene pali udzu ndi anthu ambiri, ndi amenenso nkhono zofalitsa likodzo zimakonda. Ndimawauza kuti asambe, asangalale, koma akabwerera akafunse kuchipatala za kuyezetsa ndi mankhwala ake. Ndipo kufupi ndi mathiriro a mitsinje ndi m'mabango, afunse kaye eni dera za ng'ona ndi mvuu asanavule malaya.

Koma mlendo si woyamba kuona ubwino wa malo amenewa. Chimene iye akuchitcha malo opumulira, kwa ife ndi dooko. Ndi pamene bwato limagona pa mwera, pamene amayi amatsuka mbale ndi kuchapa, pamene ana amaphunzirira kusambira atagwira chigubu. Mayi anga aang'ono anachapa pa dooko limodzi kuyambira ali mtsikana. Tsiku lina anapeza kanjira kopita kumeneko katatsekedwa ndi mpanda wa njerwa wolowa mpaka m'madzi, mlonda ali pageti. Mlondayo anali mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo anachita manyazi. "Pepani amayi, andiuza kuti ndisamalole anthu," anatero akuyang'ana pansi. Tsopano amazungulira mtunda wautali ndi beseni pamutu, pa msinkhu wawo. Sindidana ndi maloji, abale anga ambiri amadyera momwemo. Koma gombe limene nyanja yalisema zaka masauzande silingasanduke la munthu mmodzi chifukwa choti wagula malo oyang'anizana nalo.

Mipanda yomweyo ndi imene ikufulumizitsa kugumuka. Gombe la mchenga limalandira funde mofatsa, funde limakwera, kutopa, n'kulowa pansi. Khoma la simenti silitero. Funde likalimenya limabwerera ndi mphamvu zake zonse n'kukumba patsinde pa khomalo, mchenga wa patsogolo pake n'kuthawa. Amene wamanga kakhoma kolowa m'nyanja kuti asunge mchenga wake amaugwiradi mbali imodzi, koma mnzake wa mbali inayo amatsala pa miyala, chifukwa ulendo uja wa chitsononkho wadulidwa. Kenaka mnzakeyo naye amamanga lake, vuto n'kusunthira kwa wachitatu, amene kawirikawiri amakhala msodzi wopanda ndalama ya simenti. Onjezanipo ngolo ndi malole amene amatapa mchenga wa pagombe kukamangira nyumba, ndiponso kutchetcha bango lonse kuti alendo aziona nyanja bwino, pamene bangolo ndi limene linkaphwanya mafunde, mizu yake ikugwira dothi, ana a chambo akubisalamo. Tikudula nthambi imene takhalira, ndipo izi zimandipweteka chifukwa nzeru yosiyira nyanja mpata tili nayo kale. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, usodzi umatsekedwa miyezi ya dzinja chaka ndi chaka, mwambo umene unayamba m'ma 1950, ndipo anthu amamvera. Ngati tikutha kusiyira nsomba miyezi ingapo, kusiyira mafunde kamtunda ka mchenga ndi bango sikungatikanike.

Ndinabwererako mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, nyanja ili gonee ngati mafuta. Kutali cha pakati nkhungu, tizilombo touluka ta panyanja, zinali zitaima ngati utsi. Ndinatenga mwana wanga wamkazi, amene anabadwira ku Lilongwe, ndipo amalume anatsogola pa miyala ija, pang'onopang'ono tsopano chifukwa cha bondo. Mtengo umene ankamangirirako bwato unagwa ndi madzi a 2024, thunthu lake lili chigonere m'madzi, timbuna tikulowa ndi kutuluka m'nthambi zake. Kumbuyo kwa kagombeko dothi linagumuka n'kusiya kaphompho kofika m'chiuno, mizu ili lendelende. Koma mchenga unali utabwerera, wambiri kuposa kale, wowunjikana mbali yakumpoto. Bwato analimangirira ku muzu wina, mapazi asanu ndi limodzi kumtunda kwa pamene panali wakale uja.

Mwanayo anafunsa ngati angasambe. "Dikira kaye mdzukulu wanga, bwera kuno," anatero amalume. Anamugwira padzanja n'kupita naye pa thanthwe lija lakumwera. Madzi anali atatsika moti mphako ija inali poyera, pakamwa pake pali ndere zouma. Anagwada movutikira, bondo likuchita kulira, namuuza kuti apise. Mwanayo anayang'ana ine kaye, ndinamugwedezera mutu, ndipo analowetsa mkono mpaka paphewa, tsaya litagunda mwala. Anakhala chete kanthawi akufufuza. Kenaka anatulutsa dzanja atafumbata nsangalabwi ziwiri zonyowa, n'kufunsa agogo ake ngati angatenge imodzi kupita nayo kusukulu.